Loda Ikayamba Kugogoda: Kusintha Mabushi a Mikono ya Thirakitala

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Omvera athu a ku Muloza, a pa Limbuli, a m'midzi ya kwa Njema, ndi inu abale athu a kutsidya ku Milange amene mawu athu akukupezani, ndi nthawi ya pulogalamu yathu ya makina ndi ulimi. Lero tikamba za kachitsulo kakang'ono kamene mungakabise m'dzanja limodzi, koma kakatha n'kusasamalidwa kamaimitsa thirakitala yonse. Amakaniko amakatcha bushi. Tiona mabushi a pa loda, chonyamulira chija chimene chimamangidwa kutsogolo kwa thirakitala, chokhala ndi mikono iwiri ndi baketi.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mulibe thirakitala. Musatseke wailesi. Mwina mwana wanu ndi dalaivala pa esiteti ya tiyi, mwina mumawotcherera zitsulo pa Limbuli, mwina gulu lanu la alimi limabwereka makina otere pokoka mchenga kapena manyowa. Ndipo mnyamata amene akuphunzira umakaniko pansi pa mtengo wa mango, ntchito iyi tsiku lina idzamupeza.

Tiyambe ndi kuona chimene chili pamalo olumikizira. Mkono wa loda sumangika gwa kuthirakitala, umayenda pa pini, chitsulo chobulungira chimene chimalowa m'mabowo a zitsulo ziwiri n'kuzigwirizanitsa. M'kati mwa bowolo muli kachitsulo kena kooneka ngati kapaipi kafupi, kolowetsedwa mothina kwambiri. Ndiyo bushi. Pini imazungulira m'kati mwa bushi, osati pa chitsulo cha mkono. Pa loda wamba, mbali imodzi ili ndi malo otere asanu ndi amodzi: pamene mkono wagwira nsanamira ya pathirakitala, nsonga ziwiri za silinda yokweza, nsonga ziwiri za silinda yopendeketsa baketi, ndi pamene baketi yagwira mkono. Mbali zonse ziwiri ndi mapini 12, ndipo maloda ena ali ndi ochulukirapo.

Inu a njinga amene mumaoloka mlatho wa Muloza ndi matumba a chimanga kuchokera ku Milange mukudziwa bwino za labala wa buleki. Labala uja anapangidwa kuti azitha iyeyo, limu itsale. Mukamusiya mpaka chitsulo chake chiyambe kukhula limu, mugula gudumu lonse. Bushi ntchito yake ndi yomweyo. Anaipanga kuti iziperepeseka m'malo mwa mkono. Ikatha pa nthawi yake, palibe chalakwika, yagwira ntchito imene anaipangira. Cholakwika chimayamba pamene taisiya mpaka pini yaiboola n'kuyamba kudya bowo la mkono weniweniwo.

Kuno kwathu mabushi sakhalitsa, ndipo chifukwa chake mukuchiona tsiku ndi tsiku. Mbali ino ya phiri la Mulanje ili m'gulu la madera olandira mvula yambiri m'Malawi muno. N'chifukwa chake tiyi anamera bwino kuno kuyambira pamene Henry Brown anamubzala pa Lauderdale mu 1891. Mvula yomweyo imene imakondweretsa tiyi imatsuka girisi m'mapini. Onjezani mchenga. Mchenga wa m'mitsinje ya Muloza ndi Ruo umachokera ku miyala yolimba ya m'phirimu, ndi wakuthwa, ndipo ukalowa m'girisi umakhula chitsulo nthawi iliyonse mkono ukakwera kapena kutsika. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe Freddy atatsitsa matope, miyala ndi mchenga m'midzi ya kwa Njema. Makina amene anagwira ntchito m'matope ngati amenewo, ngati sanatsukidwe ndi kupopedwa girisi tsiku lililonse, mapini ake anakalamba msanga. Palinso feteleza. Loda imene imanyamula feteleza, kapena kukhala m'shedi imodzi ndi feteleza, imagwidwa dzimbiri mofulumira, ndipo dzimbiri limamata pini mpaka kukana kutuluka.

Tsono mudziwa bwanji kuti mabushi atha?

Woyamba kudziwa ndi dalaivala, chifukwa amamva ndi makutu. Akatsitsa baketi pansi n'kuyamba kukweza, pamamveka "gu!", mkono usananyamuke. Akamayenda pamsewu wa mabampu baketi ili yopanda kanthu, kutsogolo kumangoti gwede gwede. Akafuna kusalaza bwalo, mlomo wa baketi sumvera, mbali ina ikukumba, mbali ina ikuyandama. Penyaninso pa mapini. Mukaona fumbi lofiirira ngati la njerwa likutuluka m'mbali mwa pini, dziwani kuti m'katimo ndi mouma, chitsulo chikudya chitsulo chinzake.

Kuti mutsimikize pafunika anthu awiri. Ikani thirakitala pamalo osalala, baketi pansi. Dalaivala akankhe ndodo ya haidiroliki pang'ono, kutsitsa ndi kumasula, kutsitsa ndi kumasula. Winayo aime pambali, patali ndi mikono, maso pa pini imodzi imodzi. Pamene pali bwino, zitsulo ziwirizo zimayenda pamodzi. Pamene patha, mudzaona chimodzi chikudumpha chinzake chisanasunthe. Lembani choko pamalopo. Mukazimitsa injini mungathenso kulowetsa mgwala n'kutekenya, mudzamva kugwedera m'manja mwanu.

Pini ndi bushi zikakhala zatsopano, mpata wa pakati pake ndi wochepa zedi, kagawo chabe ka milimita, kongokwanira girisi. Ukafika milimita yathunthu, konzekerani kusintha, ndipo ngati buku la loda yanu latchula malire ake, tsatirani bukulo. Wina anganene kuti, milimita imodzi n'chiyani pa chimakina chotere? Taganizani motere. Ngati pini ya baketi ndi pini ya silinda zatalikirana masentimita 25, ndipo mlomo wa baketi uli pa masentimita 75 kuchokera pa pini ya baketi, kugwedera kulikonse kwa pa pini ya silinda kumafika kumlomo kutachuluka katatu. Ndipo pamene pali mpata, katundu sakankhanso pang'onopang'ono, amamenya. Kumenyako kumakulitsa mpata, mpata waukulu umawonjezera kumenya. Milimita yoyamba imatenga zaka kuti ibwere, yachiwiri imabwera m'miyezi.

Pano ndilankhule ndi inu eni makina ndi akapitawo. Dalaivala akakuuzani kuti loda yayamba kugogoda, musamuyankhe kuti, "Ikunyamulabe, izigwira kaye." Yankho limeneli lawonongetsa mikono yambiri. Komanso si chilungamo kumunena mnyamata kuti ndi wosasamala pamene m'sitolo mulibe girisi, ndipo pampu ya girisi inathyoka kalekale osagulidwanso. Ndimamva chisoni ndikaona dalaivala akudulidwa malipiro chifukwa cha pini imene iye anaidandaula miyezi yapitayo.

(Nyimbo yaifupi)

Tabweranso, omvera. Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kusintha mabushi a loda ya thirakitala.

Pano patebulo ndili ndi pini yakale yochotsedwa pa baketi. Ndikanakonda mukanaiona. Kunsonga zake ziwiri ndi yonenepa bwinobwino, yakuda ndi girisi wakale. Koma pakati, pamene inkakhula bushi, yang'ala mbee ngati yopukutidwa, ndipo yalowa m'kati mbali imodzi yokha. Ndikayendetsa chikhadabo, chikukodwa pa kampanda, ngati sitepe. Mbali inayo sinadyeke nkomwe, chifukwa katundu ankakankha mbali imodzi moyo wake wonse. Pini yotere mukaibwezera mu bushi yatsopano, kampanda kaja kayamba kusema bushiyo tsiku lomwelo. Choncho pogula, gulani zonse ziwiri, pini ndi bushi. Kusintha chimodzi n'kutaya ndalama.

Zogula zimenezi zimafuna muyeso weniweni, osati wa maso. Pezani vernier, kachipangizo koyezera kukula kwa zitsulo. Yezani pini kunsonga kumene sikunadyeke, yezani utali wa bushi, ndipo mukaichotsa yezani bowo la mkono. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Makina ambiri akale ochokera ku Britain ndi ku America anapangidwa m'mainchi, pamene atsopano ambiri ali m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Pini ya mamilimita 25 ndi ya inchi imodzi zimaoneka zofanana m'manja, koma mukaika ya 25 mu bushi ya inchi, mwayamba kale ndi mpata wowonjezera wa 0.4, ntchito isanayambe n'komwe. Dziwaninso kuti kawirikawiri loda ndi thirakitala sizichokera kufakitale imodzi. Thirakitala ikhoza kukhala Massey Ferguson, loda n'kukhala ya Quicke ya ku Sweden kapena ya kampani ina. Funani kachitsulo kolembedwa nambala pa loda penipenipo, mulembe nambalayo, ndipo popita ku Limbe kapena ku Blantyre nyamulani pini ndi bushi zakalezo m'thumba. Ulendo wa makilomita pafupifupi 100 si wobwerera chifukwa choti mwagula chosalowa.

Nanga zenizeni zikasowa? Zimasowadi, makamaka za maloda akale. Apo mupite kwa odziwa kusema zitsulo pa makina a lathe, akusemereni. Koma muwafunse kuti asema pa chitsulo chanji. Pini imafuna chitsulo cholimba monga EN19 kapena EN24, osati chitsulo chofewa chopangira mageti, ndipo osati chitsulo cha mphiringidzo chomangira nyumba. Bushi ikhoza kukhala ya chitsulo cholimbitsidwa kapena ya bronze. Palinso mabushi a pulasitiki yapadera, monga Vesconite wa ku South Africa, amene sachita dzimbiri ndipo amapirira pamalo onyowa, koma funsani kaye ngati angasenze kulemera kwa pamalo mukufuna kuikapo. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kudula paipi ya madzi n'kuikhomerera m'bowo kuti ikhale bushi. Paipi ndi yofewa, ili ndi msoko m'kati, imaphwanyika n'kuyamba kuzungulira m'bowo, ndipo imasiya bowolo litakula kuposa mmene inalipezera.

Nthawi yabwino ya ntchito iyi ndi chilimwe, pamene tiyi wachepa ndipo pansi pauma. Musadikire Disembala, pamene mvula yayamba, masamba achuluka, aliyense akufuna thirakitala.

Tsopano ntchito yeniyeniyo, ndipo pano nditsitsa liwiro chifukwa ndi pamene anthu amavulala.

Tsukani loda, matope onse achoke. Imikani thirakitala pamalo olimba ndi osalala, pa simenti ngati ilipo, osati pamtsetse wa m'munda wa tiyi. Tsitsani baketi igone pansi. Mangani handibuleki, ikani zipika kumatayala, zimitsani injini, kiyi alowe m'thumba mwanu. Kenaka gwedezani ndodo zonse za haidiroliki kutsogolo ndi kumbuyo kangapo. Ngakhale injini yazima, m'mapaipi mumatsala mphamvu, ndipo mukachotsa pini mphamvuyo ikadalimo, silinda imatha kudumpha.

Mkono wa loda ndi wolemera kuposa anthu angapo. Musakhulupirire kuti mafuta a haidiroliki augwira. Paipi ikaphulika kapena mwana akakhudza ndodo, umagwa nthawi yomweyo popanda chenjezo. Utchinjirizeni ndi masitandi achitsulo kapena zipika zonenepa za bulugamu zosanjidwa mopingasa, zimene kuno sizisowa. Njerwa ayi, mabuloko a simenti ayi, chifukwa amasweka mwadzidzidzi. Jeke ndi wokwezera chabe, si wogonera pansi pake. Silinda imene muichotse pini imangeni ndi chingwe kumkono kuti isagwe n'kukoka mapaipi kapena kukanda ndodo yake yonyezimira ija.

Chitani pini imodzi, mumalize, kenaka mupite pa ina. Mukachotsa zonse nthawi imodzi, loda imapotoka ndipo mabowo sadzayang'anananso mosavuta.

Pini iliyonse ili ndi chogwirira kuti isatuluke kapena kuzungulira: bawuti lopingasa, kachitsulo kowotcherera kumutu kwake, kapena waya wokhota. Chotsani chimenecho. Kenaka seweretsani jeke pang'ono, kukweza kapena kutsitsa, mpaka mumve kuti pini yapepuka. Pini imene yasenza katundu situluka ngakhale muimenye tsiku lonse. Ikapepuka, ikani panchi yocheperapo kuposa piniyo n'kumenya ndi hamala yaikulu. Valani magalasi otchinga maso, chifukwa chitsulo cholimba chimathetheka tizidutswa takuthwa. Wogwira panchi aigwire ndi pulayala yaitali, osati ndi dzanja. Ndipo musamenye mutu wa pini mwachindunji mpaka kuuphwatalala, chifukwa mutu wotupa sungadutsenso m'bowo.

Pini yadzimbiri imafuna kuleza mtima. Ithireni mafuta osungunula dzimbiri madzulo, igone, mubwere m'mawa. Ikakanabe, tenthetsani ndi moto wa gasi chitsulo chozungulira pini, osati pini yeniyeniyo, kuti bowo lifutukuke. Mapaipi a mafuta ndi malabala a m'silinda atalikirane ndi moto, aphimbeni ndi chiguduli chonyowa, ndipo ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Girisi wakale amayaka.

Pini yatuluka, tsopano bushi. Pali njira zitatu, ndipo ndiyamba ndi imene ndimaikonda chifukwa siwononga kanthu. Pezani chibawuti chachitali chokhala ndi mazinga thupi lonse, manati awiri, mawashala okhuthala, ndi chidutswa cha paipi chachikulu kuposa bushi. Mbali imodzi ikani washala wofanana ndi bushi koma wotha kulowa m'bowo. Mbali inayo ikani paipi ija itatsamira pa mkono, ndi washala wamkulu pamwamba pake. Pakani girisi pa mazinga, muyambe kumanga nati. Mudzamva kulimba, kulimba, kenaka "tha!", bushi yasuntha, ndipo imayenda pang'onopang'ono kulowa m'paipi muja.

Njira yachiwiri ndi ya inu owotcherera, ndipo imagwira pa mabushi achitsulo. Yendetsani mzere wa kuwotcherera m'kati mwa bushi kuzungulira, umodzi kapena iwiri, osakhudza mkono. Dikirani izizire. Chitsulo chowotchereracho pozizira chimakoka bushi kuti ichepe, ndipo nthawi zambiri imatuluka ndi kugogoda pang'ono chabe. Musanayatse makina owotcherera, chotsani mawaya a batire ya thirakitala, ndipo chopanira cha waya wa efi chikhale pa chitsulo chomwecho mukuwotchereracho, pafupi penipeni. Mukachiika kutali, magetsi amadutsa m'mapini ena, m'mabering'i ndi m'masilinda, n'kusiya timabala timene mudzatione patapita miyezi.

Njira yachitatu ndi sowo ya zitsulo. Lowetsani mpeni wake m'bowo, dulani bushi m'litali mpaka itsale pang'ono kuduka, kenaka ipindeni ndi tchizulo. Imatenga nthawi, ndipo pa bushi yolimbitsidwa sowo imangoterera. Samalani kuti musacheke bowo la mkono.

(Nyimbo yaifupi)

Bushi ikatuluka, musathamangire kuika yatsopano. Pukutani bowo, chotsani dzimbiri ndi sandipepala wosalala, palani timinga ta m'mphepete ndi tupa. Kenaka yezani bowolo kawiri, choimirira ndi chopingasa. Miyeso iwiriyo ikafanana, muli ndi mwayi, ntchito ithera pompano. Ikasiyana, ndiye kuti bowo latalika mbali imodzi, ndipo bushi yatsopano sigwira. Iyang'aneninso mizere ya kuwotcherera yozungulira bowolo, chifukwa kumenya kuja kumabala ming'alu yopyapyala ngati tsitsi.

Bowo lotalika lili ndi mankhwala ake, koma si a pansi pa mtengo. Amisiri amalidzaza ndi kuwotcherera n'kuliboolanso ndi makina, kapena amalikulitsa n'kuikamo bushi yonenepa yosemedwa mwapadera, kapena amadula chitsulo chonse cha bowolo n'kuwotchererapo chatsopano. Chovuta pa zonsezi n'chakuti bowo la kumanzere ndi la kumanja ayenera kukhala pa mzere umodzi. Akaphonyana ngakhale pang'ono, mapini amalowa mokakamiza ndipo mabushi atsopano amatha m'nyengo imodzi. Ndiye kuti loda ichotsedwe, ikwere lole, ipite m'tauni, thirakitala ikhale masabata osanyamula kanthu. Ena amayesa kuzemba ulendowu pokulunga bushi ndi chidutswa cha chitini, kapena kutemera bowo ndi panchi kuti ligwire. Zimenezo zingakufikitseni kumapeto kwa sabata, osapitirira apo.

Tinene kuti bowo lili bwino. Bushi yatsopano imakhala yonenepa pang'ono kuposa bowo, ndi tizigawo tochepa ta milimita, kuti ikalowa igwire yokha. Kuti ilowe mosavuta, igonekeni mufiriji yowumitsa usiku wonse, ili m'pepala la pulasitiki. Wogulitsa nsomba kapena mafirizesi pa Limbuli angakusungireni. Chitsulo chikazizira chimachepa. Bushi ya mamilimita 50 ikachoka pa kutentha kwa masana kufika pa kuzizira kwa mufiriji yotere imachepa ndi pafupifupi 0.03 ya milimita. Ndi kochepa kumva, koma pa ntchito iyi ndi kwakukulu. Inyamuleni m'kabokosi ka ayezi, chifukwa ikakhala m'manja mphindi zochepa yafunda kale. Bowo mungalifunditse pang'ono, kungoti dzanja lisapirire kugwira, osati kufiira.

Musanaiike, yang'anani kabowo ka girisi. Ngati nipo ya girisi ili pa mkono, kabowo ka pa bushi kayenera kuyang'anana ndi nipoyo. Jambulani mzere ndi choko pa bushi ndi pa mkono kuti musaphonye. Mukaphonya, mudzapopa girisi mpaka pampu kulimba, koma pini ili youma. Ngati girisi amadzera m'kati mwa pini, tsukani njira yakeyo ndi waya ndi dizilo.

Pakani mafuta pang'ono m'bowo, imikani bushi molunjika, ndipo ikokereni m'kati ndi chibawuti chomwe chija, paipi mutaichotsa. Mamilimita oyambirira ndiwo ofunika. Ikayamba mopendama, imani, itulutseni, muyambenso. Ngati mukakamizika kugwiritsa ntchito hamala, ikani thabwa lolimba kapena bushi yakale pamwamba, osamenya yatsopano mwachindunji. Pamene bowo limodzi limalandira mabushi awiri, wina uku wina uku, siyani mpata wa pakati uja, ndi mosungira girisi.

Ikalowa, yesani pini ndi dzanja. Bushi ikapanikizidwa m'bowo, m'kati mwake mumachepa pang'ono, choncho pini imene inkalowa bwino patebulo ikhoza kuthina. Iyenera kulowa ndi kukankha kwa dzanja kapena kugogoda pang'ono, ndi kuzungulira. Ikakana, musaikhomerere. Palani m'kati mwa bushi pang'ono ndi sandipepala wokulunga pa kamtengo, kapena ibwerere kwa wosema.

Pobwezera mkono kapena silinda, mabowo amafunika kuyang'anizana. Apa mverani bwino, achimwene. Chala chisalowe m'bowo. Ndikubwereza, chala chisalowe m'bowo kuti mumve ngati alunjika. Mkono ukatsetsereka pang'ono pokha, chala chaduka. Gwiritsani ntchito chitsulo chosongoka, ndipo onani ndi tochi. Pakani girisi pa pini, ilowetseni, bwezerani chogwirira chake n'kumanga zolimba. Chogwirirachi musachipeputse. Pini ikamasuka n'kuyamba kuzungulira m'makutu akunja, mmene mulibe bushi, imadya makutuwo. Msomali wopinda si chogwirira. Ngati mkono ukuseweranso cham'mbali, tsekani mpatawo ndi mawashala opyapyala, koma musathinitse mpaka kumanga.

Popani girisi mpaka watsopano aoneke mbali zonse ziwiri. Chotsani zipika, lizani injini, kwezani ndi kutsitsa pang'onopang'ono baketi ili yopanda kanthu, anthu onse ali patali, makutu ali tcheru. Tsitsani, popaninso. Pakutha pa tsiku loyamba la ntchito, yenderaninso mabawuti onse.

Pa nthawi yoyesayi mukaona mafuta akudontha pa paipi, musafufuze ndi dzanja. Mafuta a haidiroliki ya thirakitala amakankhidwa ndi mphamvu yofika mabaa 170 mpaka 200, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa awiri ndi pang'ono. Kabowo kosaoneka ndi maso kangathe kulasa mafutawo kudutsa khungu. Gwiritsani ntchito katoni. Wina akalasidwa, ngakhale bala likuoneka ngati la singano ndipo silikupweteka, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ku Mulanje District Hospital kapena ku Mulanje Mission, ndipo akanene momveka kuti alasidwa ndi mafuta a haidiroliki. Bala lotere limafuna opaleshoni msanga, apo ayi munthu amataya chala kapena dzanja.

Mabushi atsopanowo atha zaka zingati? Zili kwa pampu ya girisi. Mabuku ambiri a maloda amati muzipopa pakatha maola 10 aliwonse a ntchito, kutanthauza tsiku lililonse logwira ntchito. Kuno kwathu ndingawonjezere kuti, loda ikagwira m'madzi, m'matope kapena mumchenga wa kumtsinje, popani madzulo omwewo zitsulo zikadali zofunda, kuti girisi watsopano akankhire kunja madzi ndi mchenga zisanagone m'katimo. Mukatsuka ndi madzi a mphamvu, popaninso. Girisi wolembedwa EP2 ndi wabwino pa mapini, ndipo wotuwa wokhala ndi moly amapirira kwambiri pamalo olemera. Oyilo wakutha wa mu injini si girisi, amangotsika n'kusiya pini youma. Popopa, baketi igone pansi kuti mapini apepuke, ndipo pukutani nipo musanalumikize pampu, mungakankhire mchenga m'kati ndi dzanja lanu lomwe. Nipo imene ikukana girisi isinthidwe tsiku lomwelo, ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse pa loda. Chitini cha girisi chizikhala chotseka.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi gawo. Kugunda mulu wa miyala ndi liwiro, kuzula zitsa ndi ngodya imodzi ya baketi, kumenyetsa baketi kuti matope agwe, kuthamanga pa mabampu ndi katundu m'mwamba, zonsezi zimathera pa mapini. Katundu aziyenda ali m'munsi, makamaka m'mitsetse yathu ino, pamene thirakitala yonyamula m'mwamba imagubuduka mosavuta.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira ntchito zamanja, kaya kudzera ku TEVETA kaya pa galaja ya amalume anu, phunzirani kuwerenga vernier. Omenya hamala ndi ambiri. Amene angayeze bowo n'kuuza mwini makina kuti ili tikonza pano, ili lipite ku lathe, ndi ochepa, ndipo ndi amene maesiteti ndi makontirakitala amawafuna.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za silinda imene ikutsika yokha baketi ili m'mwamba, ndi mmene mungadziwire ngati vuto lili m'malabala a silinda kapena mu valavu. Amene muli ndi mafunso a lero, tumizani kuno ku wailesi, tidzayamba ndi amenewo. 

(Nyimbo yotsekera)